Tomato Waufa

4 Marichi

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kuno tilipo. Amayi mkono ndi mwendo wakumanzere zikadali zakufa monga unazisiyira, koma pakamwa pali moyo wonse. Dzulo anakalipira nkhuku ya aneba mpaka inabwerera kwawo yokha.

Dengu la tomato unapempha lija ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa. Ukalandire wekha kudepoti, ndipo dengulo libwerere, si mphatso. Tomatoyu ndi wa mbewu unatumiza ija. Ndinadzala kuseri kwa nyumba, paja malemu bambo ankaunjikapo njerwa, ndipo wabereka ndithu. Koma tandiuza, dengu lathunthu ukatani nalo? M'nyumba mwako muli anthu anayi okha. Kapena m'tauni mwayamba kusamba tomato?

Ndikupempha chinthu chimodzi. Undigulire paipi yaitali yothirira. Mpope uli kumaso kwa nyumba, dimba lili kuseri, ndipo pakati pa ziwirizi pali msana wanga.

Undiuze za ntchito kuhotelako. Ukadali wogula ndiwo zamasamba za kukhichini, kapena akukweza?

Ine mlongo wako wamkulu.

19 Marichi

Achemwali,

Moni. Ife tili bwino, ntchito ikuyenda. Muwapatse moni Amayi.

Dengu ndinalandira. Ndikanakonda kuthokoza n'kulekera pomwepo, koma ndine munthu wodziwa tomato, sindingakhale chete. Kunja ndi wofiira ngati wa pachithunzi. Koma ukamudula, mpeni umangolowa ngati m'mbatata yophika. M'kati ndi ufa wokhawokha, madzi mulibe, pakamwa umamva ngati ukutafuna thonje. Wina ndi wong'aluka pamutu ngati chidendene cha munthu wosadziwa nsapato. Wina ndi wakuda kumatako. Wina ndi mphako m'kati, wina ali ndi mtima woyera wolimba ngati chitsononkho. Dengu limodzi, matenda asanu. Achemwali, limeneli ndi dimba kapena chipatala?

Mkulu wa ophika kuntchito kwathu, timamutcha Chipewa, anamuona tomatoyu. Zimene ananena sindingalembe m'kalata yomwe Amayi angamve.

Vuto ndi kathiriridwe. Mumamusiya ndi ludzu masiku atatu, kenako n'kumumiza ngati mukuzimitsa moto. Tomato amafuna madzi muyezo umodzi tsiku ndi tsiku. Manyowa a nkhuku mwachulutsanso. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma, ndipo muzithyola akangoyamba kufiira, osadikira kuti apsere padzuwa.

Paipi ndiiganizira. Pakadali pano ndaika m'dengumo kabuku ka ulimi wa tomato. Muyambire tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Foni yanga yawonongeka, muzingolemba.

Ine mlongo wanu.

2 Epulo

A Pulofesa,

Moni wochokera kuchipatala cha tomato. Odwala onse akupereka moni.

Kabuku kako kafika ndipo kathandiza kwambiri. Mwendo umodzi wa makina anga osokera unali waufupi, tsopano sakugwedezekanso. Ndinayesa kulumikiza kabukuko kumpope kuti madzi afike kudimba, koma zakanika. Mwina zili patsamba lachisanu ndi chitatu.

Ukuti ndizithirira muyezo umodzi tsiku ndi tsiku. Imva tsiku langa. Ndimadzuka, kuwatembenuza Amayi, kuwasambitsa, kuchapa zofunda, kuwamwetsa mankhwala omwe amabisa pansi pa lilime ngati mwana. Kenako ndimakhala pamakina, chifukwa mayunifolomu a ana a anthu sadzisoka okha. Madzi kumpope amabwera akafuna, amapita osatsanzika. Tomato amamwa tsiku limene ine ndapeza mpata wopuma. Ngati zimenezi zikumupweteka mtima mpaka kuda kumatako, andikhululukire.

Kalata yako ndinawawerengera Amayi yonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwanayu ali wamng'ono ankadya dothi la m'chulu osadandaula. Lero akudziwa thonje?" Anatinso tomato waufayu ndiye wabwino, chifukwa safuna mano.

Koma ndikufunse. Munthu amakwiya chotere ndi mphatso? Ndipo Chipewa wakoyo anafika bwanji padengu langa? Ine ndinatumizira iwe ndi ana, osati hotela.

Yankha zimenezi, usandiyankhe za manyowa.

Ine namwino wa tomato.

21 Epulo

Achemwali,

Moni. Tonse tili bwino. Ndalemba mwachangu.

Ndikufuna mundiuze zinthu zitatu. Dimbalo ndi mapazi angati m'litali ndi m'lifupi? Malire athu ndi aneba akuthera pamtengo wa mapeyala kapena pampanda? Nanga chipinda chakumbuyo chija, chosungiramo katundu wa bambo, chikudonthabe?

Pakapita sabata ziwiri kubwera munthu kudzaona malowo. Mumulandire bwino, mumusonyeze paliponse pamene afune. Amayi musawauze kanthu pakadali pano, ndidzawafotokozera ndekha nthawi ikakwana.

Ine mlongo wanu.

6 Meyi

Iwe,

Moni sindikupatsa, ukamupeze kwa munthu wakoyo.

Kalata yako inagona m'thumba la dalaivala sabata ziwiri, moti inafika tsiku limodzi ndi mlendo wako. Ndikumaliza kuwerenga, ndikuona bambo wa jekete ali kale kuseri, tepi m'manja, akuyeza kuchokera pampanda mpaka pamtengo wa mapeyala n'kumalemba m'kope. Kenako anagwada, kukumba dothi, kuika m'kajumbo. Ndinati, "Bambo, mwataya chiyani m'dimba la eni?" Iye akumwetulira, "Mayi, achimwene anu andituma. Malowa ndi abwino, angofuna munthu wodziwa kuwasamala."

Munthu wodziwa kuwasamala! Pamenepo zonse zinandilowa m'mutu. Unayamba ndi kunyoza tomato kuti zioneke ngati ine ndalephera. Kenako mapazi, malire, chipinda. Kenako "Amayi musawauze." Ukufuna kudula malo a bambo ugulitse, Amayi akadali moyo, akupuma m'chipinda choyang'ana dimba lomwelo.

Ndikuuze uthenga wabwino. Tomato wakuda kumatako uja wapeza ntchito. Ndinali ndi ndowa yodzaza yoti ndikataye. Waufa sathandiza, amangophwanyika osamwaza kanthu, koma wowolayo amafika patali. Woyamba anatera pajekete, wachiwiri pakope, wachitatu sindinaone bwino chifukwa bamboyo anali atayamba kale liwiro. Tepi yake anaisiya, ndikuyezera nsalu. Amayi anaonera pawindo ndipo anaseka mpaka kutsamwa.

Imva bwino. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikunyamula Amayi pamsana pano, iwe ukutumiza moni ndi timabuku. Malo ano sagulitsidwa. Ukatumanso wina, umuuze avale zakuda.

Ine mwini ndowa.

12 Juni

Alamu anga,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa Amayi. Ndine mkazi wa mlongo wanu. Sindinazolowere kulemba, ntchito yanga ndi yoluka tsitsi, ndiye mundikhululukire zilembo. Bambo a kunyumba sakudziwa kuti ndalemba.

Kalata yanu ija anaiwerenga kamodzi, n'kuiika pansi pa matiresi. Mwezi watha tsopano osayankha. Ine ndaiwerenga katatu. Poyamba ndinaseka, kenako ndinaona kuti ndikakhala chete, banja lipasuka chifukwa cha tomato.

Alamu, mlongo wanu ntchito inatha mu Marichi. Dengu lanu lija sanabwere nalo kunyumba. Analowa nalo kukhichini ya hotela n'kusakaniza ndi tomato wa kwa wogulitsa wa masiku onse. Maganizo awo anali oti a Chipewa akayamikira, iwo adzaulule kuti ndi wa kudimba kwathu, kuti inu muzipereka tomato kuhotela sabata iliyonse, musiye kupindika pamakina. Sanadule ngakhale mmodzi kuti aone m'kati. Tsiku limenelo kunali msonkhano wa anthu akuluakulu. Mbale za saladi zinabwerera kukhichini zili zodzaza. A Chipewa anayala tomato yense pathebulo, kumudula mmodzimmodzi pamaso pa antchito onse, n'kufunsa kuti zinyalalazi zalowa bwanji. Mlongo wanu anavomera. A Chipewa anawauza kuti avule epuloni pomwepo.

Foni sinawonongeke, anaizimitsa. M'mawa uliwonse amavala malaya ositidwa n'kutuluka ngati akupita kuntchito, kuopa maso a aneba. Ndinawatsatira tsiku lina. Amakakhala pabenchi m'sitolo ya mbewu, kuwerenga zolemba za pamapaketi. Mwini sitoloyo amawatuma kulongosolera makasitomala, osawapatsa ngakhale tiyi.

Bambo munawagenda aja si wogula malo. Ndi mlangizi wa zaulimi, anaphunzira limodzi ndi mlongo wanu kusukulu. Anabwera kudzayeza dothi. Akuti dothi lanu likufuna laimu pang'ono, ndipo akuti iwo sadzapondakonso.

Nyumba ino tikutulukamo kumapeto kwa mwezi. Ine ndi ana tikakhala kwa mng'ono wanga, pafupi ndi saluni. Mlongo wanu akufuna kubwera kumeneko adzalime, n'chifukwa anafunsa za chipinda chodontha. Koma mukuwadziwa. Angalolere kugona padepoti kusiyana n'kunena kuti "achemwali, ndagwa."

Chonde musawauze kuti ndakuuzani.

Ine mlamu wanu.

20 Juni

A Pulofesa,

Moni. Ndaona kuti wakhala chete, ndiye ndati ndiyambe ndine, poti ndine wamkulu ndipo nzeru zinayambira kwa ine.

Za bambo wa jekete uja tizisiye. Ukakumana naye umuuze kuti tepi yake ilipo, ndipo jeketeyo akabweretsa ndimuchapira.

Ine tomato wanditopetsa. Ndazula yense. Dimba lili mbee. Popeza iwe ndiwe wodziwa muyezo umodzi tsiku ndi tsiku, bwera udzandionetse ndi manja, osati ndi cholembera. Pempha tchuthi kuhotelako. Munthu wofunika ngati iwe sangakukanize, ngakhale utapempha miyezi ingapo. Ukakana ndidziwa kuti ulimi wako ndi wapakamwa, ndipo ndiuza aliyense wobwera kudzasoketsa.

Chipinda chakumbuyo chimadontha pakona imodzi yokha, ndipo mvula ili kutali. Ndachotsamo njinga yakufa ya bambo, ndayalamo mphasa ndi matiresi. Amayi akuti ubwere msanga asanaiwale nkhope yako n'kuyamba kukonda mwana wa aneba.

Ubwere ndi nsapato zolimira. Zosongoka zija usiye, kuno kulibe wozionera.

Ine mlongo wako wamkulu.

17 Ogasiti

Mayi a ana,

Moni kwa iwe ndi ana. Ndikhulupirira akupita kusukulu ndipo sakuvutitsa kwa mng'ono wako. Undiuze ngati chifuwa cha wamng'onoyo chinatha.

Kuno zinthu zili m'manja mwanga. Achemwali anachita kundipempha okha kuti ndidzawaphunzitse, ndiye ukuona kuti choonadi sichibisika. Ndinafesa nazale sabata yomwe ndinafika, ndathira laimu, ndawokera mbande m'mizere yoongoka ndi chingwe, ndaphimbira ndi udzu. Anthu odutsa amaima n'kumayang'ana. Achemwali amati akuyang'ana kabudula wanga, koma ndi nsanje chabe.

Paipi ndinagula pobwera ija yaperewera. Imathera pakona ya bafa. Kuchokera pamenepo ndi ndowa ndi keni yothirira. Sindinadziwe kuti madzi amalemera chotere. Sabata yoyamba manja anatuluka matuza, msana unakana kuwongoka. Achemwali anandipeza nditakhala pa njerwa, anati, "A Pulofesa, mwafika tsamba lachingati?" Mpope ukauma ndimakatunga kuchitsime cha kumunsi, pamzere ndi amayi a m'dera lino, omwe tsopano amanditcha Alamu a Tomato.

Ndayambanso kuwanyamula Amayi kupita nawo kubafa, chifukwa achemwali dzanja lamanja limatupa. Sananene m'kalata ngakhale imodzi. Ndinaona ndekha akulephera kutsegula botolo la mankhwala, akuchita kuluma chitsekero ndi mano. Amayi ndi opepuka ngati mtolo wa udzu, koma ukawanyamula katatu patsiku umadziwa kuti zaka zisanu ndi chimodzi ndi chiyani.

Dzulo Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, anati, "Hotela yakoyo ndi yachifundo. Tchuthi chake chikufanana ndi cha malemu bambo ako atawachotsa kunjanji." Ndinati ndi malamulo atsopano. Anati, "Eya, nawonso ankatero." Ukalamba umenewu, amangolankhula zilizonse.

Za ntchito palibe akudziwa kuno, ndipo zikhale choncho mpaka tomato apse. Ndikufuna ndidzanene ndili ndi kanthu m'manja.

Ine bambo a ana.

9 Novembala

Mlamu wanga,

Moni kwa inu ndi ana. Amayi akupereka moni, akuti ana abwere adzawaone asanatalike kuposa chitseko.

Ndili ndi nkhani ziwiri, yabwino ndi ya pakamwa panga.

Yabwino ndi yakuti tomato wa amuna anu wapsa, ndipo ndi tomato. Ndikulemba izi dzanja likuwawa. Tinathyola woyamba sabata yatha. Anamuika pambale, kuitana ine ndi Amayi ngati pali mlandu, kunola mpeni, n'kudula. Mpeni unachita kulira. M'kati mofiira mpaka pakati, madzi akuyenderera, khungu losalala, kumatako koyera ngati kwa khanda. Amayi awiri ogulitsa pamsika abwera kale kawiri ndipo akukanganirana mizere.

Akanangodya n'kukhala chete, bwenzi zonse zili bwino. Koma anaimirira. Anayamba kufotokoza za laimu, za udzu, za muyezo umodzi, za anthu ena amene amalima ndi mwano m'malo mwa nzeru. Ndinapirira mpaka pamene anati, "Achemwali, mwaona tsopano chimene tomato amafuna?" Ndinati, "Ndaona. Amafuna munthu wochotsedwa ntchito."

Mlamu, mawu ali ngati mkodzo, akayamba kutuluka sabwezeka. Iye anandiyang'ana, anayang'ana Amayi. Amayi anati, "Usandiyang'ane ine, ndinadziwa tsiku unatsika basi ndi masutikesi awiri." Amuna anu anandifunsa kuti ndinamva liti. Ndinati Juni. Anafunsa kwa yani. Ndinati kwa dalaivala. Anati dalaivala sadziwa za kuhotela. Pepani, mlamu, ndakugwetserani m'dzenje.

Anadzitsekera m'chipinda chakumbuyo masiku atatu, kutuluka pokhapokha ponyamula Amayi, osalankhula ndi munthu. Dimba osalithirira, dzuwa lili ng'aa. Ine ndinati ndione ngati pulofesa angasiye ana ake afe. Tsiku lachinayi anatuluka m'mamawa, anaona masamba atalendewera, chisoni chinamugwira, anathira madzi ngati akuzimitsa moto. Mawa lake mizere iwiri yathunthu inang'aluka pamutu.

Ndinamupeza atanyamula mmodzi wong'alukayo, akumuyang'ana. Ndinakonzeka kumuseka, mawu anali kale pa lilime. Koma anayamba ndiye. Anati, "Masiku atatu okha, achemwali. Inu munkatha bwanji?" Ndinati sindinkatha, n'chifukwa anali waufa. Anaseka, nanenso ndinaseka, kenako tinaona kuti tonse tikupukuta m'maso, ndiye tinayamba kukangana za amene anasiya keni padzuwa.

Tsopano timathirira awiri, iye m'mawa, ine madzulo iye akamasambitsa Amayi. Ndinamuuza kuti za hotela zija anachita zopusa, koma zopusa zake zinali zofuna kundichotsa pamakina, ndipo palibe munthu anandichitirapo zopusa zotere. Anati ndisazolowere.

Kwa inu akuti akadali wokwiya. Wayamba kukulemberani kanayi, kanayi konse n'kukwinya pepala. Lachinayilo ndalitola m'dengu la zinyalala, ndalisita ndi simbi, ndaliika pamodzi ndi kalata ino. Sindinawerenge, ine si munthu wotero.

Ine mlamu wanu.

(Pepala lokwinyika, lopanda tsiku)

Mayi a ana,

Ndamva zimene unachita. Ndinafuna kukulembera mawu aukali, koma ndikayamba akumathera panjira. Ukanapanda kulemba kalata ija, bwenzi pano ndikadali pabenchi m'sitolo ya mbewu, malaya ositidwa, m'mimba muli mphepo.

Sukulu akatsekera ubwere ndi ana. Chipinda ndamata, sichidonthanso. Pamsewu waukulu pano palibe woluka tsitsi wodziwa ntchito, amayi a kuno mitu yawo ikuchititsa chisoni. Udzaone wekha, ukakonda tidzakambirana. M'tauni sindikufunanso kubwerera.

Chinthu chimodzi chokha. Achemwali ananena zoona kuyambira pachiyambi, vuto silinali nzeru, linali manja. Koma zimenezi zikhale pakati pa iwe ndi ine. Akadzamva, m'nyumba muno simudzakhalika mpaka imfa.

(Pansi pake, ndi cholembera china)

Ndamva kale. Ndawawerengeranso Amayi kawiri. Bwerani ndi ana, mudzaone mmene simukukhalikira.